Yudasi wathu akhale ndani: wa mawu kapena wa zisudzo?

NaPhiri wa ku Chilomoni:

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonseyi, ndipo ndikufuna nzeru kwa inu amene munaimapo pa siteji kapena munakhalapo kuseri kwake.

Ndimatsogolera gulu la achinyamata a zisudzo kuno ku Blantyre. Zaka zonsezi takhala tikuchita masewero olankhula, nyimbo n'kumangolowa apo ndi apo. Ulendo uno tasankha Jesus Christ Superstar, sewero la Andrew Lloyd Webber ndi Tim Rice. Kwa amene simukulidziwa, ndi nkhani ya masiku omaliza a Yesu, koma yonse imayenda m'nyimbo za rock kuchokera poyamba mpaka pamtanda. Palibe pamene munthu amaima n'kumayankhula. Okangana amakangana akuimba, wolira amalira akuimba, gitala wamagetsi ndi ng'oma zili phokoso kumbuyo kwake.

Loweruka lapitali tinaitana anthu kudzayesedwa. Tinabwereka kalasi pasukulu ina, mabenchi tinakankhira kukhoma, kiyibodi tinaika pa desiki ya aphunzitsi. Mariya wa Magadala sanativute: mtsikana wina wogulitsa zovala za kaunjika anangoimba mizere inayi, ine ndi mnzanga tinayang'anana, nkhani n'kutha. Kayafa tinamupezanso, bambo wa besi wa m'kwaya ya amuna, mawu akatsika umawamvera m'chifuwa mwako.

Pavuta ndi pa Yudasi. Ndipo m'sewero ili Yudasi si munthu wapambali. Ndiye amaimba nyimbo yoyamba, ali yekhayekha, ndipo nkhani yambiri timaionera m'maso mwake. Yudasi akafooka, sewero lonse lagona.

Ndatsala ndi anthu awiri. Woyamba ndi mnyamata wa zaka 23, tenala wa kwaya ya kumpingo kwawo, amaimbanso m'bandi ya m'maukwati. Atakweza mawu m'kalasi muja, thupi langa linachita tsembwe. Koma amaimba atatsinzina, dzanja lili pachifuwa, mapazi ngati awakhomerera pansi. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, uyu wakhala apayu ndi Yesu, mnzanu wapamtima, ndipo mukuona kuti akupita kokafa. Muyang'aneni, mukalipireni." Anagwedeza mutu mwaulemu, n'kuimbanso mokoma chimodzimodzi, maso ali chitsekere.

Wachiwiri ali ndi zaka 31, ndipo ndakhala naye m'gulu zaka zisanu ndi chimodzi. Masana amawotcherera zitsulo. Ndinamuponyera kathumba ka zitsekerero za mabotolo m'malo mwa ndalama 30 zasiliva zija. Sanakawakhe. Anakasiya kagwe, anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anakatola ndi zala ziwiri ngati chitsulo chimene changochoka pamoto. Kalasi yonse inangoti zii. Koma mawu ake safika kumwamba. Pa manoti okwera amasweka, ndipo titabwereza nyimboyo kachitatu anali atasasa kale.

Tili ndi miyezi inayi. Chapafupi n'chiti: kuphunzitsa woimba kuti achite sewero, kapena kukweza mawu a munthu wa zisudzo? Mukanakhala inu mukanatenga uti?

Gitala wa ku Ndirande:

Achemwali, ine ndine wa bandi, ndiye mudziwiretu kumene ndipendekere. Tengani wa mawuyo. Koma ndisananene chifukwa, ndikuuzeni kuti mayeso anu a Loweruka aja sanakuuzeni zonse.

Munawayesa m'kalasi, ndi kiyibodi yokha, popanda maiki. Pamenepo aliyense amadzimva bwinobwino. Tsiku la sewero kumbuyo kwake kudzakhala ng'oma, besi gitala, magitala awiri, ndipo munthu amene sanazolowere amayamba kukuwa kuti adzimve yekha. Akatero nyimbo ziwiri zokha, mawu apita. Ndaonapo oimba abwino a kwaya akusokonekera pa siteji chifukwa anazolowera kutsamira pa anzawo khumi a mbali imodzi. Mnyamata wanuyo ali ndi mwayi poti waimbapo m'maukwati. Amadziwa kugwira maiki, amadziwa kumvera ng'oma, amadziwa kuimba maola ambiri osafa mawu. Zimenezo simungaziphunzitse munthu m'miyezi inayi.

Chachiwiri ndi kawerengedwe. Nyimbo zathu zambiri, za kutchalitchi ndi za pawailesi zomwe, thupi limangozilondola lokha. Lloyd Webber m'sewero ili anaikamo misampha. Nyimbo imene Mariya amatonthoza nayo Yesu, Yudasi n'kulowerera kudandaula za mafuta odula aja, imayenda powerenga kugunda kwa ng'oma zisanuzisanu, osati zinayizinayi monga tinazolowera. Ya m'kachisi, pamene Yesu akupirikitsa amalonda, imayenda zisanu ndi ziwiri. Ngakhale nyimbo yoyamba ya Yudasi ili ndi kachigawo ka zisanu ndi ziwiri pakati pake. Aimitseni onse awiri, woimba ng'oma awombe zisanu, iwo aziwomba m'manja akuimba. Pakatha mphindi zitatu mudzadziwa amene ali nalo khutu.

Kumbukiraninso kuti sewero ili linabadwa ngati chimbale mu 1970, lisanafike pa siteji ya Broadway ku New York mu 1971. Amene anaimba Yesu pa chimbalecho ndi Ian Gillan wa gulu la Deep Purple, munthu wa rock weniweni, wokuwa manoti amene enafe timangowamvera patali. Nyimbozi anazisoka pa thupi la anthu otero. Munthu akalephera kuyenda bwino pa siteji, anthu akumbuyo m'holo mwina sazindikira. Koma noti ikasweka, ngakhale mwana amene wakhala pawindo amamva.

Chimodzi chokha chimene ndikukayika pa tenala wanuyo: mawu a kwaya amakhala osalala kwambiri. Yudasi amafunika mawu okhala ndi mchenga pang'ono, a munthu amene mtima ukumupweteka. Muyeseni ngati angathe kudetsa mawu osadzipweteka pakhosi.

Ndipo yambani lero kufunsa za ma maiki opanda chingwe ndi sipika yoyang'ana kwa oimba, komanso jenereta ndi mafuta ake. Sewero lolankhula magetsi akathima mumapitiriza ndi nyali. Ili limathera pomwepo.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba:

Mayi NaPhiri, ndawerenga kawiri zimene mwalemba. Za mnyamata wa kwaya mwafotokoza mawu ake. Za wowotcherera mwafotokoza zala zake ziwiri ndi kathumba kaja. Ndikuona kuti mtima wanu unasankha kale, ndipo mwabwera kuno kufuna wina woti akuloleni. Sindikukudzudzulani. Munthu amene wakhala nanu zaka zisanu ndi chimodzi, wanyamula nanu mabenchi, wayenda nanu pansi ndalama ya minibasi itasowa, n'zovuta kumudumpha n'kupereka malo aakulu kwa mlendo wa dzulodzuloli.

Ine ndinaphunzitsa Chingerezi kusekondale zaka zambiri, ndipo chaka ndi chaka ndinkatenga ana kupita nawo ku mpikisano wa zisudzo wa ATEM. Chimene ndinaphunzira n'chakuti mwana wouma thupi pa siteji kawirikawiri si kuti alibe luso. Amakhala kuti sakudziwa chimene akunena, kapena akudziwa koma sanapeze munthu woti amuuze. Mnyamata wanuyo moyo wake wonse waimbira Mulungu, ndipo poimbira Mulungu kutsinzina n'koyenera. Palibe anamuuzapo kuti nyimbo ikhoza kukhala mkangano wa anthu awiri. Inu munamuuza kamodzi, pamaso pa anthu, iye ali ndi mantha a mayeso. Kumeneko sikuyesa.

Chitani izi. Mutengeni payekha, pasakhale kiyibodi. Mufunseni afotokoze m'Chichewa, m'mawu akeake, zimene Yudasi akuuza Yesu m'nyimbo yoyamba ija. Akatero muikireni munthu patsogolo, makamaka wamkulu kwa iye, amuuze mawu omwewo maso ndi maso, mongolankhula. Munthu winayo azitembenuka n'kumachoka, kuti mnyamatayo akakamizike kumutsatira ndi kumugwira mkono. Abwereze kasanu. Kachisanu ndi chimodzi kokha ndiye muyatse kiyibodi. Ngati m'kati mwake muli kanthu, katuluka tsiku lomwelo. Ngati mulibe, mwataya madzulo amodzi basi.

Ndisiyane pang'ono ndi achimwene a gitala. Iwo akuti anthu akumbuyo saona munthu wouma. Amaona, bambo. Ife amene tinaonera Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata ku French Cultural Centre tikudziwa kuti Amalawi amabwera kudzaona munthu, ndipo munthu akakhala kuti palibe amayamba kucheza okhaokha. Komanso sewero lanu lili m'Chingerezi, ndipo Chingerezi choimbidwa pamwamba pa ng'oma chimavuta kumva ngakhale kwa ophunzira. Theka la nkhani anthu adzaliwerenga pa nkhope ndi m'manja mwa Yudasi. Paja Murray Head, amene anaimba Yudasi pa chimbale cha 1970 chimene mwatchulacho, anali munthu wa zisudzo ndi mafilimu amene ankaimbanso.

Komabe pa mawu akunena zoona. Khosi la munthu wa zaka 31 simungalitalikitse pofika Isitala. Mukamukakamiza mudzamuwononga, ndipo adzachita manyazi pamaso pa anthu a kwawo, chinthu chimene sanakulakwireni kuti chimuchitikire. Kodi Pilato mwamupeza? Pilato saimba nthawi yaitali ndipo sakhala kumwamba ngati Yudasi, koma ndiye ali ndi chigawo cholemetsa: kufunsa mlandu, kuwerenga zikoti 39 chimodzichimodzi, kusamba m'manja. Munthu amene anatontholetsa kalasi ndi kathumba ka zitsekerero, taganizani chimene angachite ndi beseni la madzi.

Nasi wa ku Leeds:

Achemwali anga, ndasangalala kumva kuti kumudzi kuli anthu olimba mtima chonchi. Ine ndimagwira ntchito ya unamwino kuno ku England, ndipo madzulo ena ndimaimba m'gulu la zisudzo la anthu wamba, la anthu ongozikonda osalandira kanthu. Tinachitapo sewero lomweli, ine ndinali m'khamu la anthu, wakhate chigawo china, wofuula kuti apachikidwe chigawo china. Ndikuuzeni zimene ndinaona.

Choyamba ndi funso. Mwatchula Mariya, Kayafa ndi Yudasi. Nanga Yesu wanu ndani? Simungasankhe Yudasi musanadziwe Yesu. Kuno atatha mayeso oyamba anaitananso anthu ochepa tsiku lina, n'kumawaphatikiza awiriawiri, Yesu uyu ndi Yudasi uyo, kenako kusinthanitsa. Panali bambo wina amene payekha anaposa onse, koma ataima ndi Yesu amene anasankhidwa mawu awo ankafanana kwambiri moti ukatseka maso sukanadziwa akuimba ndani. Sanamutenge. Anatenga wina wa mawu okhakhala, ndipo pa mkangano wa pa mgonero womaliza zinamveka ngati anthu awiri enieni amene anakondanapo. Ndiponso nyimbo ya Yesu ya m'munda wa Getsemane ndiyo phiri la sewero lonse. Ngati tenala wanu wa kwaya ali ndi mawu oyera, okwera, ndipo amaimba ngati akupemphera, mwaganizapo zoti mwina mukumuyesa pa malo olakwika?

Chachiwiri, malo aakulu aliwonse akhale ndi munthu wachiwiri wophunzira nawo, woti n'kulowa mwini wake akadwala. Kwathu kuli malungo, kuli maliro, kuli kusamutsidwa ntchito mwadzidzidzi. Ndipo musaone ngati kukhala wachiwiri n'kunyozeka. Ted Neeley ndi Carl Anderson, amene dziko lonse limawadziwa ngati Yesu ndi Yudasi a mufilimu ya 1973, onse awiri anakhalapo odikirira anzawo pa Broadway. Anderson ankadikirira Ben Vereen.

Pa funso lanu lenileni, ine ndili mbali ya woimba. Masewero a rock akhala akutola anthu m'mabandi kuyambira kale. Yvonne Elliman, Mariya woyamba, anamupeza akuimba m'kalabu ina ku London ali mtsikana wochokera ku Hawaii. Adam Pascal, amene anatchuka ndi sewero la Rent mu 1996, anali woimba m'bandi ya rock wosadziwa za siteji, koma anafika mpaka pa mndandanda wa opikisana pa Tony, mphoto yaikulu ya zisudzo za pa Broadway. Kuno mu 2012 anachita kusaka Yesu pa wailesi ya kanema ya ITV, anthu n'kumavota, ndipo anapambana Ben Forster. Koma onsewa anali ndi wowongolera amene anakhala nawo pansi masabata ambiri. Ntchito imeneyo ndi yanu, achemwali, ndipo aphunzitsi a ku Zomba akupatsani kale poyambira.

Monga namwino ndiwonjezere za khosi. Munthu akasasa mawu pa kubwereza kachitatu, ndiye kuti akukankha ndi minofu ya pakhosi m'malo mwa mpweya wochokera m'mimba. Wowotcherera wanuyo amapumanso utsi wa zitsulo tsiku lonse. Asaimbe atasasa, asanong'one poganiza kuti akupumitsa mawu chifukwa kunong'ona kumatopetsanso, azimwa madzi ambiri, ndipo aziyamba ndi kutenthetsa mawu pang'onopang'ono asanakwere. Kusasa kukapitirira milungu itatu apite kuchipatala.

Chomaliza, ndipo musachitenge mopepuka: chilolezo. Sewero ili lili ndi eni ake, ndipo ngakhale gulu la anthu wamba limalemba kalata, kulipira, n'kusaina pangano lisanalengeze tsiku. Panganolo limaletsa kusintha mawu kapena kumasulira m'chinenero china popanda kupempha. Ngati mukuganiza zotsitsa kiyi ya nyimbo kuti ikwane munthu wanu, funsaninso zimenezo m'kalata yomweyo. Lembani msanga, mayankho amachedwa.

Mkulu wa Mpingo, Area 25:

Ine za manoti sindidziwa, koma ndili ndi mawu amodzi kwa mayi NaPhiri. Sewero limeneli limathera pa imfa ndi kuikidwa m'manda, kuuka mulibe, ndipo Yudasi amaoneka ngati munthu womvetsa chisoni. Akhristu ambiri linawakhumudwitsa litangotuluka, ndipo ku South Africa boma la nthawi imeneyo linaliletsa. Inu muli ku Chilomoni, kumene anthu amakwera phiri la Michiru pa Njira ya Mtanda. Nkhaniyi amaidziwa ndipo amailemekeza. Sindikunena kuti musiye. Ndikunena kuti mnyamata wa kwayayo ali ndi makolo ndi abusa ake. Musanamupatse malo, pitani nokha mukawaonere, muwafotokozere zonse osabisa. Kuli bwino akane lero kusiyana n'kuti adzamuletse kutatsala milungu iwiri.

NaPhiri wa ku Chilomoni:

Zikomo kwambiri nonse. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndibwere ndi zimene zachitika, osati malonjezo.

Aphunzitsi, munandigwira pamtima. N'zoona, ndimafuna wowotcherera, ndipo ndimadzinamiza kuti mawu adzabwera okha. Ndinachita zimene munanena Lachinayi madzulo. Ndinaitana mnyamata wa kwaya, ndipo munthu woti amuime patsogolo ndinasankha wowotcherera yemweyo, poti ndiye wamkulu ndipo sachita manyazi. Maulendo awiri oyamba mnyamatayo ankangolankhula ngati akuwerenga kalata. Ulendo wachitatu wowotcherera anachita chinthu chimene sindinamuuze: anamuseka pang'ono, n'kutembenuka kumapita kukhomo. Mnyamata uja anamuthamangira, anamugwira malaya kumsana, n'kunena mokweza kuti, "Akuphani anthu awa, simukumva kodi?" Mawu ananjenjemera. Atazindikira kuti wagwira malaya a munthu wamkulu anasiya msanga n'kupepesa. Ndinauza wa kiyibodi kuti ayambe pomwepo asanazizire. Anaimba maso ali otsegula mpaka pakati pa nyimbo. Kenako anatsinzinanso. Koma theka limenelo ndinaliona, ndipo mchenga umene achimwene a gitala amanena unalimo.

Titatuluka ndinamufunsa chimene chinachitika. Anati mkulu wake anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo iye akumuletsa, ndipo mpaka lero sanamvekenso. Sindinafunse zambiri.

Achemwali a ku Leeds, funso lanu la Yesu ndinalisiya dala chifukwa nalonso likundivuta. Amene tili naye ndi mnyamata woimba reggae, wodekha, anthu amamukonda akangomuona. Getsemane amafika nayo pafupi ndi pamwamba koma noti yaikulu ija sanaigwirebe. Ndinayesa zimene munanena, kuika tenala wa kwaya pa Yesu. Inakwana ngati malaya ake. Koma ndikatero Yudasi ndilibe, ndipo zimene ndinaona Lachinayi sindingazitaye. Ndiye pakadali pano aphunzira Yudasi, ndipo Loweruka ndiwaimika pamodzi ndi wa reggae pa mgonero womaliza, bandi yonse ilipo, ndimve ngati mawu awo akusiyana mokwanira. Kalata ya chilolezo ndalemba dzulo, ndafunsamonso za kiyi. Kwa makolo ndi abusa ake ndipita Lamulungu akaweruka mapemphero, ndipo mpaka atayankha sindilengeza dzina lake kwa gulu.

Chatsala ndi chimene chikundilemera. Nditatha zonse Lachinayi ndinamutengera pambali wowotcherera n'kumuuza za Pilato. Ndinamufotokozera za zikoti 39 ndi beseni la madzi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, anapukuta manja pa thalauza, n'kunena kuti, "Ndamva, mayi. Mnyamatayu ndi wabwino." Sanati inde, sanati ayi. Anathandiza kubweza mabenchi m'malo mwake monga amachitira nthawi zonse, n'kumapita osadikira tiyi. Foni sakuyankha kuyambira tsiku limenelo. Lachiwiri ndipita ku shedi kwake ndi mapepala a nyimbo za Pilato, ndikakhale naye mpaka aweruke.

Achimwene a ku Ndirande, woimba ng'oma wathu zisanu akuzikwanitsa koma pa zisanu ndi ziwiri akumabwerera ku zinayi osadziwa. Ngati mungapeze mpata Loweruka masana, bwerani mudzatiwongolere. Ya minibasi tikubwezerani.